Musanakwere Kavalo: Mmene Mungadziwire Kuti Lero Palibe Choopsa

Kavalo wamkulu wokwerapo amalemera makilogalamu pafupifupi 500, ndipo akadzidzimuka amalumphira pambali munthu asanaphethire n'komwe. Mutu wa munthu amene wakhala pamsana pake umakhala pamtunda woposa mamita awiri kuchokera pansi, kotero kuti ngakhale kugwa kavalo akungoyenda kukhoza kuvulaza kwambiri. N'chifukwa chake funso lakuti lero mukwere kapena musakwere liyenera kuyankhidwa mapazi anu adakali pansi. Chimene chimavuta n'chakuti kavalo ndi nyama imene kuthengo imasakidwa ndi zilombo, ndipo nyama yotere imabisa ululu chifukwa yooneka yofooka ndiyo imayamba kugwidwa. Kavalo salira akamamva kuwawa. Amangosintha pang'ono kaimidwe, kadyedwe kapena khalidwe, ndipo udindo wanu ndi kuona kusinthako nthawi isanathe.

Choyamba: dziwani mmene kavalo wanu amakhalira ali bwino

Simungazindikire kuti china chake chalakwika ngati simukudziwa mmene zinthu zimakhalira masiku onse. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri, pamene kavalo ali wathanzi ndiponso wapumula, yezani kutentha kwa thupi lake, kugunda kwa mtima ndi kapumidwe kake, n'kumalemba m'kope. Zimenezi n'zofunika chifukwa manambala a m'mabuku amanena za akavalo onse pamodzi, pamene kope lanulo likunena za kavalo mmodzi amene mudzamukwere. Ngati mtima wake umagunda ka 30 pa mphindi tsiku lililonse, ndiye tsiku lina mwapeza ka 44 iye atangoima, dziwani kuti pali chimene chikumuvuta ngakhale kuti nambala imeneyi buku silingaitsutse.

Ngati kavaloyo ndi wa munthu wina, funsani mwini wake tsiku limene anamukwera komaliza, zinthu zimene amaziopa, ngati anatsimphinapo posachedwapa, ndiponso ngati akulandira mankhwala. Mwini akamazemba mafunso amenewa, musakwere.

Chachiwiri: muyang'aneni musanamugwire

Imani chapatali kwa mphindi ziwiri kapena zitatu musanalowe m'khola. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anthu ambiri amaphonya zizindikiro zooneka bwino chifukwa amafika ndi chingwe m'manja, maganizo ali kale pa ulendo. Onani ngati wamaliza chakudya chake, ngati madzi achepa m'chomwera, ndiponso ngati ndowe zilipo zochuluka ndi zolimba monga mwa nthawi zonse. Kavalo amamwa malita pakati pa 20 ndi 40 pa tsiku wamba, ndipo kukatentha amamwa oposa pamenepo. Chomwera chimene chagona chodzaza usiku wonse ndi chenjezo.

Kupumitsa mwendo umodzi wakumbuyo, chiboda chitangogunda pansi ndi nsonga yake, ndi khalidwe la kavalo amene akuwodzera, ndipo si vuto. Kuloza kutsogolo mwendo wakutsogolo n'kusauikira thupi ndi nkhani ina, chifukwa kavalo wathanzi sachita zimenezo. Kavalo amene akupalasa pansi, kucheukira m'nthiti mwake, kudzimenya pamimba ndi mwendo, kugona n'kudzuka mobwerezabwereza kapena kugubuduka akumva kupweteka m'mimba. Matenda a m'mimba ndiwo amodzi mwa amene amapha akavalo ambiri, choncho zikatero chotsani chakudya, itanani dokotala wa ziweto, ndipo za kukwera muiwaliretu.

Chachitatu: yezani thupi

Kutentha kwa thupi la kavalo wamkulu amene wapumula kumakhala pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5 a Celsius. Choyezera chimalowetsedwa kotulukira ndowe mutachipaka mafuta ofewetsa. Imani pambali pa ntchafu, osati kumbuyo kwenikweni kumene theche lingakupezeni, ndipo gwirani choyezeracho mpaka chitamaliza. Kukapitirira madigiri 38.5 kavalo asanagwire ntchito iliyonse, musamukwere, makamaka ngati akutsokomola, akutuluka mamina okhuthala, kapena watupa pansi pa nsagwada. Zizindikiro zimenezi zimabwera ndi matenda opatsirana, kotero muyeneranso kumupatula kwa anzake.

Kugunda kwa mtima mumakumva mukaika zala pa mtsempha umene umadutsa m'mphepete mwa nsagwada ya m'munsi. Werengani kwa masekondi 15, n'kuchulukitsa kanayi. Kavalo wopumula mtima wake umagunda ka 28 mpaka ka 44 pa mphindi, ndipo ukapitirira ka 60 popanda chomudzidzimutsa, ameneyo ndi wofunika dokotala mwamsanga. Kapumidwe mumakawerenga poyang'ana m'nthiti, ndipo kamakhala ka 8 mpaka ka 16 pa mphindi.

Kenako tukulani mlomo wa m'mwamba. Nkhama ziyenera kukhala zonyowa ndi zofiirira pang'ono. Mukadina ndi chala n'kuchotsa, malo oyerawo ayenera kubwerera mtundu wake masekondi awiri asanathe. Tsinaninso khungu la pakhosi pafupi ndi phewa. Likabwerera msanga, m'thupi muli madzi okwanira, koma likakhala litaima, kavalo ndi wouma m'thupi ndipo thukuta la pa ulendo lingamugwetse.

Simufunika kugwiritsa ntchito choyezera tsiku lililonse ngati kavalo akuoneka monga mwa masiku onse. Koma tsiku limene mtima wanu wakayikira ngakhale pang'ono, yezani, pakuti zonsezi sizitenga mphindi zoposa zisanu.

Chachinayi: miyendo ndi ziboda

Apa ndi poyenera kuchedwapo, chifukwa kutsimphina ndilo vuto lofala kwambiri mwa akavalo okwerapo, ndipo kavalo amene mwendo ukumuwawa amapunthwa, munthu n'kugwera kutsogolo. Sisitani mwendo uliwonse ndi dzanja kuchokera m'mwamba mpaka pachiboda, mukuyerekeza wakumanja ndi wakumanzere. Mukufuna kutentha, kutupa, chilonda, kapena malo amene mukawakhudza kavalo akuchotsa mwendo. Samalirani kwambiri kuseri kwa mwendo, pakati pa bondo ndi mfundo ya m'munsi, kumene kumadutsa mitsempha yolimba yonyamula thupi. Mtsempha wa pamenepa ukang'ambika pang'ono mwina kavalo sangatsimphine kwenikweni, koma mukamukwera ung'ambikiratu, ndipo kuchira kwake kumatenga miyezi yambiri, nthawi zina chaka chathunthu.

Nyamulani chiboda chilichonse n'kuchotsa dothi ndi timiyala. Onani ngati chang'aluka, ngati chikununkha, ndiponso ngati chitsulo cha kuchiboda chikugwedera kapena misomali yake yatuluka. Chitsulo chogwedera chikhoza kupotoka pa ulendo n'kubaya phazi, choncho dikirani wokonza ziboda, amene mwa nthawi zonse ayenera kubwera pakadutsa masabata 6 mpaka 8. Mukapeza msomali kapena waya utalowa kuphazi, imbirani dokotala musanauzule, chifukwa iye afunika kudziwa kumene walowera ndi kuya kwake.

Gwirani khoma la chiboda ndi chikhatho. Chiboda chimodzi chikatentha kuposa zinzake, ndipo mtsempha wa magazi wa kuseri kwa mfundo ya m'munsi ukugunda mwamphamvu, mwina muli mafinya m'kati. Ziboda zonse ziwiri zakutsogolo zikatentha, kavalo n'kumaima atakankhira miyendo kutsogolo thupi litatsamira kumbuyo, ganizirani za matenda otupitsa m'kati mwa ziboda otchedwa laminitis, amene amagwira kawirikawiri akavalo onenepa kapena amene adya kwambiri msipu wanthete kapena chakudya cha mbewu. Kavalo wotere ngakhale kumuyendetsa ndi chingwe n'kumuzunza.

Mukamaliza kugwira, pemphani mnzanu amuyendetse pamalo olimba ndi osalala, mtunda wa mamita 20 kapena 30, kupita ndi kubwera, chingwe chili chofewa kuti mutu uziyenda momasuka. Ayambe ndi kuyenda, kenako kuthamanga pang'ono, kathamangidwe kaja kamene mwendo wakutsogolo ndi wakumbuyo wa mbali inayo zimaponda pansi nthawi imodzi. Kutsimphina kumaonekera bwino pa kathamangidwe kameneka. Ngati vuto lili kutsogolo, mutu umakwera pamene mwendo wowawa ukuponda, ndipo umatsika pamene wabwino ukuponda. Anthu ambiri amasokoneza zimenezi n'kuyamba kuthira mankhwala mwendo wabwino. Ngati vuto lili kumbuyo, imani kumbuyo kwake chapatali ndi kuyang'ana chiuno, pakuti mbali yowawa imakwera ndi kutsika kwambiri kuposa inayo. Mvetseraninso kulira kwa ziboda, chifukwa khutu nthawi zina limagwira zimene diso laphonya. Mukakayikira, muzungulitseni mbali zonse ziwiri, popeza kuzungulira kumaulula kutsimphina kobisika.

Madokotala a akavalo a bungwe la AAEP ku United States amayeza kutsimphina kuyambira pa 0 mpaka pa 5. Inu simufunika kudziwa kuti kavalo ali pa nambala yanji. Ngati mwaona kutsimphina kulikonse, musakwere mpaka chifukwa chake chitadziwika.

Chachisanu: msana, chishalo ndi kulemera kwanu

Dinani ndi zala pang'onopang'ono m'mbali zonse ziwiri za msana. Kavalo akabonyoka, akaumitsa minofu, akabweza makutu kumbuyo kapena akafuna kuluma, msana ukumuwawa. Onaninso pamene pamadutsa lamba wa pamimba ndi m'makona a pakamwa, chifukwa chilonda chaching'ono pamalo amenewa chimakula msanga chikakhulidwa ndi chikopa kapena chitsulo. Kavalo amene kale ankaima bwinobwino pomumangira chishalo, ndiye wayamba kuthawa akangochiona, asatchedwe wamwano asanapimidwe.

Chishalo chokwana bwino chimasiya mpata wa zala ziwiri kapena zitatu pamwamba pa chitunda cha pakati pa mapewa inu mutakhalapo, ndipo sichigunda fupa la msana paliponse. Ubweya woyera umene wamera pansi pa chishalo ndi umboni wakuti chakhala chikufinya kwa nthawi yaitali. Yang'anani misoko ya malamba onse, makamaka olendewera zopondapo mapazi ndi omangira lamba wa pamimba, chifukwa chikopa chouma chimaduka mosachenjeza. Mangani lamba wa pamimba pang'onopang'ono, yendetsani kavalo pang'ono, n'kumuonanso musanakwere.

Za kulemera ziyenera kunenedwa mosabisa. Muyezo umene anthu ambiri amautsatira ndi wakuti wokwera pamodzi ndi chishalo asapitirire 20 peresenti ya kulemera kwa kavalo. Kavalo wa makilogalamu 500 asanyamule oposa 100, ndipo wa makilogalamu 350 asanyamule oposa 70. Kavalo wokalamba, woonda kapena amene wakhala nthawi yaitali osagwira ntchito anyamule ochepera pamenepo.

Chachisanu ndi chimodzi: masiku amene akuoneka bwino koma sayenera kukweredwa

Kavalo wa zaka ziwiri amaoneka wamkulu, koma mafupa ake amakhala asanakhwime. Mafupa a m'miyendo ndiwo amayamba kukhwima, pamene a msana, amene ndiwo amanyamula munthu, amamaliza kavalo ali ndi zaka pafupifupi 5 kapena 6. Ophunzitsa ambiri amayamba kukwera pang'ono kavalo ali ndi zaka 3 kapena 4, ndipo ntchito yolemetsa amaisungira m'tsogolo. Kavalo wosaphunzitsidwa ndi wa katswiri yekha. Munthu wongoyamba kumene akwere kavalo wamkulu wofatsa amene wazolowera anthu osiyanasiyana.

Kavalo akadya chakudya cha mbewu, dikirani ola limodzi kapena kuposerapo musanamugwiritse ntchito yothamanga. Udzu wouma pang'ono asanayambe ulendo si vuto, ndipo umathandiza kuti asidi wa m'chifu asamuyambitse zilonda. Akabayidwa katemera, mupatseni tsiku limodzi kapena awiri opumula. Akapatsidwa mankhwala ogonetsa, monga pokonza mano, funsani dokotala nthawi yoyenera kudikira. Mankhwala opha ululu monga phenylbutazone ndi oyenera kuwasamala kwambiri, chifukwa amabisa kutsimphina koma chovulalacho chilipobe, ndipo kavalo amene sakumva kuwawa amaponda mwamphamvu mwendo umene uyenera kupuma.

Pambuyo pa chimfine cha akavalo, madokotala ambiri amalangiza sabata imodzi yopumula pa tsiku lililonse limene thupi linatentha, ndipo zonse pamodzi zisachepere masabata atatu, kuti njira za mpweya zipole. Kavalo wamkazi amakhala ndi bere masiku pafupifupi 340. Amene anazolowera ntchito akhoza kukweredwa modekha m'miyezi yoyambirira ndi yapakati, koma m'miyezi yomaliza asiyidwe, ndipo nthawi yosiyira ndi yoyambiranso akaswa ainene dokotala amene wamupima.

Pali chinanso chimene chimagwetsa anthu ambiri. Kavalo amene watsekeredwa m'khola masiku angapo akudya bwino amakhala ndi mphamvu zosefukira. Mutulutseni athamange yekha m'bwalo lotchingidwa, kapena muzungulitseni pa chingwe chachitali, kufikira atatsitsa mutu ndi kuyamba kukumverani.

Chachisanu ndi chiwiri: nyengo ndi pansi poponda

Kavalo amatenthedwa msanga kuposa munthu chifukwa thupi lake ndi lalikulu ndipo minofu yake imatulutsa kutentha kochuluka. Pa ntchito yolimba kunja kukutentha amatha kutaya malita 10 mpaka 15 a thukuta pa ola. Mpweya ukakhala ndi chinyezi chambiri, thukutalo siliuma ndipo silimuziziritsa. Okwera ambiri amaphatikiza madigiri a Fahrenheit ndi peresenti ya chinyezi. Zikapitirira 150 amachepetsa ntchito, ndipo zikafika 180 sakwera n'komwe. Mwachitsanzo, madigiri 32 a Celsius ndi pafupifupi 90 a Fahrenheit, kotero chinyezi chikakhala 70 peresenti mwafika kale pa 160. Masiku otere kwerani m'mamawa. Kavalo akatenthedwa, muthireni madzi ozizira ambiri thupi lonse mobwerezabwereza. Kafukufuku amene anachitika pokonzekera masewera a Olimpiki a ku Atlanta mu 1996 anasonyeza kuti njira imeneyi ndi yachangu ndiponso siivulaza kavalo, mosiyana ndi zimene anthu ankaopa kale.

Mukamva bingu, musatuluke, ndipo dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza, pakuti munthu amene ali pa kavalo pamalo opanda mitengo ndiye chinthu chachitali kwambiri pamalopo. Mphepo yamphamvu imachititsa akavalo ambiri mantha chifukwa imagwedeza zinthu ndi kuwalepheretsa kumva bwino. Matope ndi udzu wonyowa zimaterera, mchenga wakuya umakoka mitsempha, msewu wa phula umaterera pansi pa zitsulo za kuchiboda, ndipo udzu wautali umabisa maenje. Njira imene simukuidziwa muidutse kavalo akuyenda, osati akuthamanga.

Chachisanu ndi chitatu: dzifufuzeni inu eni

Musakwere mutamwa mowa, mutamwa mankhwala oodzeretsa, mukumva chizungulire, kapena mutapsa mtima. Kavalo amamva kuuma kwa thupi lanu kudzera m'miyendo ndi m'zingwe, ndipo wokwera wamantha kapena wokwiya amamusokoneza. Ngati munagwa n'kumenyetsa mutu, musakwerenso tsiku lomwelo ngakhale mukudzimva bwino, chifukwa zizindikiro za kugwedezeka kwa ubongo zimatha kuoneka patapita maola, ndipo kumenyetsa kachiwiri ubongo usanachire n'koopsa kwambiri. Dikirani chilolezo cha dokotala. Amayi oyembekezera amalangizidwa ndi madokotala kupewa kukwera kavalo chifukwa cha ngozi ya kugwa.

Valani chisoti chopangidwira okwera akavalo, chokhala ndi chizindikiro cha muyezo wovomerezeka monga PAS 015 kapena ASTM F1163, chokukwanani ndiponso chomangidwa kuchibwano. Chikamenyetseka pansi kamodzi, gulani china ngakhale kunja chikuoneka chabwino. Luso silichotsa kufunika kwa chisoti. Courtney King-Dye, amene anaimira United States pa Olimpiki ya 2008, anavulala kwambiri ubongo mu 2010 pamene kavalo amene ankamuphunzitsa anangopunthwa n'kugwa, iye alibe chisoti. Bungwe loyendetsa masewera a akavalo padziko lonse la FEI linalamula kuti kuyambira mu 2021 ngakhale okwera a masewera a dressage (oonetsa luso la kavalo loyenda mwadongosolo momvera wokwera), amene kale ankavala zipewa wamba, azivala zisoti pa mipikisano yake. Nsapato zikhale ndi chidendene chotuluka pang'ono kuti phazi lisalowerere m'chopondapo, ndipo chopondapocho chisiye mpata wa sentimita imodzi mbali iliyonse ya nsapato. Ngati mukupita nokha, uzani munthu njira yanu ndi nthawi yobwerera, ndipo foni ikhale m'thumba lanu, osati pa chishalo, chifukwa kavalo akathawa amapita nayo.

Chachisanu ndi chinayi: mphindi khumi zoyamba mutakwera

Kukwera sikutseka nkhani. Yendani mphindi khumi zoyamba kavalo akungoyenda, pamalo otchingidwa ngati alipo, ndipo yesani kuima, kukhota mbali zonse ziwiri ndi kuyambanso. Ululu wina, makamaka wa msana ndi wa miyendo yakumbuyo, umaoneka pokhapokha munthu atakhalapo. Sue Dyson, amene pa nthawiyo anali dokotala wa akavalo ku England, ndi anzake anafalitsa mu 2018 mndandanda wa makhalidwe 24 a kavalo wokweredwa amene amagwirizana ndi ululu. Mwa iwo muli kubweza makutu kumbuyo kwa masekondi asanu kapena kuposerapo, kuyasama kwa nthawi, kupukusa mutu, kukupiza mchira mobwerezabwereza, kupunthwapunthwa, kukana kupita kutsogolo, kudumpha n'kuponya miyendo yakumbuyo, ndi kuima ndi miyendo iwiri. Anapeza kuti kavalo wosonyeza makhalidwe 8 kapena kuposerapo nthawi zambiri amakhala ndi ululu m'mafupa kapena m'minofu. Ine ndimaona kuti phindu lalikulu la ntchito imeneyi ndi lakuti imatiletsa kuthamangira chikwapu pamene kavalo akufunika dokotala.

Kavalo wokalamba amene wayamba mouma pang'ono n'kumasuka pakapita mphindi zochepa mukhoza kupitiriza naye modekha, ngati dokotala anamuona kale n'kuvomereza. Amene akuipiraipira mukamapita, tsikanipo. Ngati mwadzidzidzi wayamba kuponda mapazi afupiafupi, akutuluka thukuta lambiri, minofu ya m'matako yauma gwa, ndipo akukana kusuntha, musamukakamize kuyenda ngakhale kubwerera kukhola, chifukwa minofu yake ikuwonongeka ndipo kuyenda kumawonjezera vutolo. Masulani lamba wa pamimba, mufunditseni ngati kukuzizira, mupatseni madzi, ndipo itanani dokotala abwere pomwepo. Mkodzo ukatuluka woderapo kapena wofiira, muuzeni dokotalayo pa foni pomwe, chifukwa zikutanthauza kuti impso nazo zili pangozi ndipo afunika kubwera ndi madzi olowetsa m'mitsempha.